Kamtanda Kolozera Ndi Kako, Koma Kasakuwomberere

Pakati pa sikirini ya masewera owomberana pamakhala kachizindikiro kakang'ono, pena kamtanda, pena kadontho chabe. Osewera amakatcha crosshair. Ndi kamene kamalozera kopita chipolopolo, n'chifukwa chake maso a wosewera sachoka pamenepo. Maganizo anga ndi akuti aliyense ali ndi ufulu wokasintha mmene akufunira, ngakhale pogwiritsa ntchito mod (pulogalamu yowonjezera yosinthira masewera), bola kusinthako kuthere pa maonekedwe.

Maso a anthu safanana. Kamtanda koyera kamasowa pakhoma la mchenga, kobiriwira kamamira muudzu, ndipo kakakulu kamaphimba mutu wa mdani amene ali patali. Mwa amuna 12 aliwonse ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi mmodzi amavutika kusiyanitsa mitundu, makamaka chofiira ndi chobiriwira. Munthu wotereyu akasintha kamtanda kake kukhala kachikasu sanabere aliyense. Mlimi amasema mpini kuti ukhale bwino m'manja mwake, koma kulima amalima yekha.

Amene amanyoza ma mod ayambe akumbukira kumene masewera a Counter-Strike anachokera. Mu 1999, Minh Le ndi Jess Cliffe anasintha masewera a Half-Life n'kupanga awoawo, ndipo mu 2000 kampani ya Valve inawatenga. Pofika pa Counter-Strike: Global Offensive ya mu 2012, osewera ankalemba okha malamulo monga cl_crosshairsize ndi cl_crosshairgap, kufupikitsa mizere ndi kuchepetsa mpata wapakati mpaka diso litakhutira. Riot Games nayo, mu 2022, inalola osewera Valorant kupatsana kamtanda potumizirana kodi. Zimene osewera ankavutikira pawokha, makampani anadzaona kuti n'zofunikadi.

Komabe pali malire, ndipo mfuti ya AWP ya mu Counter-Strike imawaonetsa bwino. Ukainyamula osayang'anira mu galasi lake, kamtanda sikaoneka. Opanga anachita dala, chifukwa mfutiyi imapha ndi chipolopolo chimodzi chikamenya pachifuwa. Tsono wina akaika pulogalamu yojambula kadontho pakati pa sikirini, wabweza chimene anzake onse analandidwa. Choipa kwambiri ndi mod imene imatsata yokha mdani kapena kumuonetsa ali kuseri kwa khoma. Kumeneko ndi kuba, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Wargaming imalola osewera World of Tanks kusintha maonekedwe a cholozera koma imalanga ogwiritsa ntchito ma mod olozera okha.

Ena amati njira yachidule n'kuletsa ma mod onse kuti osewera afanane. Sindikugwirizana nawo. Chilungamo cha mpikisano chagona pakuti aliyense adziwe zofanana za mdani ndipo dzanja lake ligwire ntchito lokha. Mtundu wa kamtanda sukhudza zimenezi. Kuletsa zonse kumapweteka wa maso ovuta, pamene wakuba amapezabe pobisala.

Choncho opanga masewera aike zosankha zokwanira m'masewera momwemo, ndipo alembe momveka zololedwa ndi zoletsedwa. Nanunso osewera, musanaike mod iliyonse, werengani malamulo a masewerawo ndipo dzifunseni ngati ikukuthandizani kuona bwino kapena ikukusewererani. Ngati ikukusewererani, ichotseni, chifukwa anzanu amene mukupikisana nawo akudalira maso ndi manja awo okha.