Ndalama za chitetezo: kodi wolipira msonkho ali ndi ufulu wofunsa?



Lero ndikufuna tilingalire limodzi funso limene ambirife timaopa kulifunsa mokweza. Boma likagula zida za nkhondo, maboti olondera panyanja, ndege kapena mayunifolomu a asilikali, kodi munthu wolipira msonkho ali ndi ufulu wofunsa kuti zagulidwa ndalama zingati, kwa ndani, ndipo zikugwira ntchito yanji? Ukafunsa za mtengo wa feteleza kapena mankhwala a m'chipatala palibe amakudabwa. Koma ukangotchula za asilikali, yankho limakhala limodzi: "Zimenezo ndi zachitetezo cha dziko, sizikambidwa pagulu." Nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndimaona kuti yankho limeneli lili ndi choonadi pang'ono, koma likamaperekedwa pa chilichonse limasanduka bulangete lofunda akuba. Chitsanzo sindikachitenga kutali, chili kwa aneba athu ku Mozambique.

Mu 2013 ndi 2014, nthawi ya pulezidenti Armando Guebuza, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Pa pepala cholinga chinali chabwino zedi. Mozambique ili ndi gombe lotalika makilomita oposa 2,000, kumpoto kwake kunali kutapezeka gasi wambiri pansi pa nyanja, ndipo panali nkhawa ya achifwamba apanyanja komanso zombo zakunja zoba nsomba. Nde anati tigule maboti olondera, ma radar, maboti ophera nsomba za tuna ndi malo okonzera zombo. Kontilakiti yonse inapita ku gulu limodzi la makampani lotchedwa Privinvest. Nduna ya zachuma, Manuel Chang, inasainira kuti makampani atatu aja akalephera kubweza, boma ndi limene lidzabweze. Nyumba ya malamulo sinafunsidwe. Amene anali pakati pa zonsezi anali akuluakulu a nthambi ya akazitape ya SISE, ndiye ndani akanayerekeza kufunsa?

Mu April 2016 zinaululika kuti ngongole zoposa madola 1 biliyoni zinali zobisidwa. Bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo. Ndalama ya metical inagwa mphamvu, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo mu January 2017 dziko linalephera kulipira ngongole pa nthawi yake. Mayi wogulitsa tomato ku Tete ndi mlimi wa ku Angónia, anthu olankhula chinenero chomwe ndikulembachi, sanaonepo boti ngakhale limodzi. Koma analipira nawo, kudzera mu mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti.

Kampani yofufuza ya Kroll italowa m'mabuku mu 2017, inapeza kuti madola 500 miliyoni sankadziwika komwe anapita, komanso kuti mitengo ya katundu inaoneka yokwezedwa ndi madola oposa 700 miliyoni. Oimira boma pa milandu ku America ananena kuti pafupifupi madola 200 miliyoni anathera mu ziphuphu. Ogwira ntchito atatu akale a Credit Suisse anavomera milandu ku New York. Mu December 2022 khoti ku Maputo linalamula mwana wa Guebuza, Ndambi, kukakhala kundende zaka 12, chimodzimodzinso yemwe anali mkulu wa SISE. Chang naye anapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Maboti a tuna aja anangokhala padoko la Maputo n'kumachita dzimbiri.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Pa 5 October 2017, zigawenga zinaukira tawuni ya Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado. Imeneyi ndi tawuni ya pagombe, gombe lomwe lija ankati ndalama zonse zija zikukateteza. Mu August 2020 zigawenga zinalanda doko la tawuniyi n'kuligwira kwa chaka chathunthu. Mu March 2021 zinaukira Palma. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawa m'makomo mwawo, ambiri mwa iwo Asilamu anzathu, akuthamangitsidwa ndi anthu oipitsa dzina la Chisilamu. Boma linalemba ganyu asilikali olipidwa ochokera kunja, ndipo pamapeto pake mu July 2021 kunabwera asilikali a Rwanda ndi a SADC. Sindikunena kuti ngongole zija ndi zimene zinayambitsa nkhondoyi. Ndikunena kuti tsiku limene chitetezo chinafunika, anthu anapeza kuti analipira kale chitetezo chimene kunalibe. Analipira kawiri: koyamba ndi ndalama, kachiwiri ndi miyoyo.

Tsopano tisathamangire kunena kuti ndalama za asilikali ndi zotayika. Ayi ndithu. Cabo Delgado yemweyo akutiphunzitsa kuti dziko lopanda asilikali okonzeka limalira. Kuno ku Malawi tonse tinaona mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ndi nyumba kumwera, asilikali akufukula anthu m'matope ndi kuwolotsa ena pa madzi osefukira. Msilikali ameneyo amafunika nsapato, boti, galimoto ndi chakudya, ndipo zonsezi zimagulidwa ndi makontilakiti. Mu Surah Al-Anfal timalamulidwa kukonzekera mphamvu yodzitetezera. Choncho funso si lakuti tigule kapena tisagule. Funso ndi lakuti chimene tagulacho chamufikira msilikali, ndipo chikumuteteza amene walipira?

Ndivomerenso kuti zinsinsi zina ndi zoyenera. Komwe asilikali agona usiku uno, njira imene adzere mawa, kufooka kwa chida chakutichakuti, zimenezo mdani asazidziwe. Koma tandiuzani abale, mtengo wa mpunga ndi nyemba za asilikali ungathandize mdani uti? Dzina la mwini kampani yomwe yapata kontilakiti, kapena yankho la funso lakuti katundu anafikadi, zingagwetse dziko bwanji? Pali chinsinsi chobisira mdani, palinso chinsinsi chobisira mwini ndalama. Choyambacho ndi chitetezo, chachiwiricho ndi khiyana, kuphwanya chikhulupiliro chimene anthu anakupatsa. Ngakhale pamene zinthu sizingalengezedwe pa wailesi, pafunika pakhale ena oona m'malo mwathu: aphungu a nyumba ya malamulo ndi mkulu wofufuza za ndalama za boma. Ku Mozambique anthu amenewa ndi amene analambalalidwa, ndipo m'pamene zinayambira kuwola.

Enanso amati kufunsa za ndalamazi ndi kusalemekeza asilikali. Ine ndimaona mosiyana. Kontilakiti ikadyedwa, woyamba kuvutika ndi msilikali wamba, mwana wa mlimi, amene amatumizidwa kutsogolo ndi galimoto yosayenda kapena wailesi yosagwira. Amene wadya ndalama ali mu ofesi yozizira bwino, nkhondo akuimvera pa foni. Kufunsa ndi kumuimira msilikali ameneyo, poti iye malamulo a ntchito yake samulola kufunsa mokweza.

Amene tinadutsa ku madrasa tikukumbukira mawu akuti ghulul, kutenga mobisa katundu wa gulu, makamaka wopezeka pa nkhondo, asanagawidwe. Surah Aal Imran imachenjeza za tchimo limeneli. Tikukumbukiranso nkhani ya nthawi ya Khaybar, ya munthu amene anaphedwa ndi muvi, anthu n'kumamuyamikira kuti wapita ku Jannah. Mtumiki (SAW) anawauza kuti sizili choncho, chifukwa cha chofunda chimodzi chimene munthuyo anatenga mobisa pa katundu wa gulu. Chofunda chimodzi basi! Munthu woti anali mbali ya Asilamu pa nkhondo, koma kukhala kwake pa nkhondo sikunafafanize zomwe anatenga. Phunziro lake kwa ine ndi lakuti ntchito ikakhala yolemekezeka, amanah yake imalemera kwambiri, sipepuka. Mawu akuti "chitetezo" sangayeretse ndalama ya haramu.

Ndipo tisaloze chala andale okha. Pa ngongole zija panali ogwira ntchito kubanki ku London, panali odziwa malamulo, panali owerengera ndalama, anthu ophunzira bwino omwe ankadziwa kuwerenga zomwe akusainira. Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife tili pa sukulu. Ena mwa ife tikuphunzira za akaunti, ena zamalamulo, ena za kagulidwe ka katundu, ena akufuna kulowa usilikali. Zaka zochepa zikubwerazi pepala lidzafika pa tebulo lako, mtengo wake wokwezedwa, bwana n'kukuuza kuti ingosaina, ndi zachinsinsi izi, nawenso kangachepe upeza. Tsiku limenelo udzakhala ndi lendi yoti ulipire ndi abale kumudzi okudalira. Si mayeso ophweka, n'chifukwa chake yankho lake tiyenera kulikonza panopa tisanafike pa tebulopo.

Nanga ife amene sitidzagwira cholembera chimenecho? Tonse timalipira msonkho, ngakhale amene sali pa ntchito, tikagula mayunitsi, shuga kapena kukwera minibasi. Ndiye bajeti ikamawerengedwa tisamangoyang'ana za ngongole za ophunzira zokha. Tikamva za kontilakiti ya chitetezo tizifunsa mwaulemu koma mosaopa: tikudziteteza kwa ndani? Ndani waona mtengowu m'malo mwathu? Katunduyo wafika, ndipo akugwira ntchito? Mtsogoleri wosunga amanah sangakhumudwe ndi mafunso amenewa, poti ndalamazo si zake, wangosungitsidwa.

Allah awapatse mtendere abale athu a ku Cabo Delgado, atipatse atsogoleri oopa tsiku la chiweruzo, ndipo atiteteze ifeyo kuti tisadzadye za anthu tikadzapatsidwa udindo. Ameen.