Nkhalamba Yosokonezeka Mutu Ndi Wodwala, Si Mfiti

Akhristu okondedwa a ku Nkando ndi midzi yozungulira, tamverani. Lamulo lachinayi la Mulungu litilamula kulemekeza atate ndi amayi athu. Lamuloli silitha mphamvu pa tsiku limene nzeru zawo zafooka.

Kawirikawiri m'midzi mwathu gogo wa zaka 80 kapena 90 amadzuka usiku, nayamba kulankhula zosamveka, kuona zinthu zosaoneka, kapena kutuluka wosavala. Anthu akampeza m'mawa pakhomo pa eni ake, amafuula kuti mfiti yagwa. Ha! Tchimo lalikulu limayambira pa mawu amenewa. M'chaka cha 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Pamaso pa Mulungu kumeneko ndi kupha. Ngakhale lamulo la boma la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti.

Dziwani ichi: munthu wokalamba amene dzulo anali bwino, lero nasokonezeka, wadwala m'thupi. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga, sitiroko, kusowa madzi m'thupi, zonsezi zimasokoneza mutu wa nkhalamba msanga. Matenda otere akapezeka nthawi ikadalipo, ambiri amachira. Mukazengereza, imfa ili pafupi. Kulinso kuiwala kumene kumadza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Nakonso ndi matenda a ubongo.

Nanga tichitenji? Musammenye, musammange ndi chingwe, musamuunjirire. Mmodzi amene gogoyo amdziwa akhale naye pafupi, namlankhula mofatsa, nyali ili chiyakire. Chotsani mipeni, mutalikitseni ndi moto. Tsiku lomwelo mutengereni kuchipatala, pamodzi ndi buku lake ndi mankhwala onse amene amamwa. Madokotala a ku chipatala cha boma ku Mulanje ayambe apima thupi. Akaona kuti nkofunika, ndiwo adzamtumize ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Itanani wansembe adzampatse Sakramenti la Kudzoza Odwala, koma musachedwetse ulendo wa kuchipatala chifukwa cha ichi.

Kumbukirani Yohane wa Mulungu Woyera, amene anamwalira ku Granada m'chaka cha 1550. Iye mwini anatsekeredwa ngati wamisala nakwapulidwa, ndipo atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamala odwala mwachifundo. Abale a chipani chake akugwira ntchito yomweyo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, dziwani nkhalamba zonse zokhala zokha m'dera lanu. Mukamva mfuu ya ufiti, fikani msanga, imani pakati pa gogoyo ndi khamu, tumizani mthenga kwa mfumu ndi kwa apolisi. Msana umene unatibereka usalandire ndodo kuchokera m'manja mwathu. Mulungu atipatse mtima wachifundo. Amen.