Langizo Losatheka Kulitsatira: Mlandu Ngwayani?

Belmont ndi dera la mafakitale chakummwera kwa pakati pa mzinda wa Bulawayo. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, ndiponso zaka zambiri pambuyo pake, derali linkatchuka ndi nsalu, zovala ndi zitsulo. Ena mwa amene ankagwira ntchito kumeneko ndi kunjanji anali ochokera ku Nyasaland, aja kwawo ankawatcha matchona, ndipo zidzukulu zawo zikadalipo m'makomboni monga Makokoba ndi Sizinda. Kuchokera pa kusintha kwa kayendetsedwe ka chuma kwa mu 1991 kufikira mavuto a ndalama a mu 2008, mafakitale ambiri anatsekedwa, nyumba zina n'kusanduka matchalitchi. Mwa amayi amene amapezabe chakudya m'derali, ena amasoka zovala pa makontirakiti a miyezi yowerengeka, ena amagulitsa nsima ndi zipatso pazipata.

Mayi wotere akaima, amapita kusikelo ku kiliniki ya khonsolo monga ya Pelandaba kapena ya Nkulumane, ndipo pakakhala chovuta amatumizidwa ku chipatala cha Mpilo kapena ku Lady Rodwell. Kumeneko namwino amamuuza zoona zokhazokha. Ayambe sikelo miyezi itatu isanathe. Aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, monga bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangizira mu 2016, posiya maulendo anayi akale. Adye zakudya zakasinthasintha, apume mokwanira, asanyamule zolemera, asungenso ndalama ya galimoto ya tsiku lochira. Mayiyo amavomera zonse, kenaka amabwerera ku makina ake. Tsiku limene wapita kusikelo sanagulitse kanthu, kapena kapitawo wamuona kuti kulibe, pamene kontirakiti yake ikutha mwezi wamawa. Funso nali: kodi nkwabwino kupatsa munthu langizo limene wolangizayo akudziwa kuti mnzakeyo alibe mphamvu yolitsatira? Nanga likapanda kutsatidwa, mwana kapena mayi n'kutayika, mlandu ngwayani?

Anthu oganiza mozama a ku Ulaya, potsatira Immanuel Kant, amati udindo umayenda ndi kuthekera. Munthu sangaimbidwe mlandu pa chimene sakanatha kuchita. Achewa samatsutsa zimenezi, pakuti nawonso sasenzetsa mwana mtolo wa munthu wamkulu. Wina angaganize tsono kuti namwino wachifundo ayenera kuchepetsa malangizo ake kuti alingane ndi thumba la womvera, n'kusiya kutchula mazira ndi nyama kwa amene sangazigule. Koma maganizo amenewa ali ndi choipa chobisika. Amabala choonadi chamitundu iwiri, china cha mayi wa ku Hillside, china cha mayi wa ku Makokoba, chonsecho matupi awo amafuna magazi ofanana. Komanso namwino amene wasankha yekha zoti mayi wosauka asamve wamulanda mpata woyesa. Iye sadziwa ngati mayiyo ali ndi mlongo wake ku Johannesburg amene angatumize kandalama atamva kuti pakufunika. Kubisa choonadi chifukwa cha chifundo ndi kunyoza munthu mwaulemu.

Njira inanso yosavuta ndiyo kunena zonse monga zidalembedwera, kulemba pakhadi, n'kusamba m'manja. Apa langizo limasanduka umboni wodzagwiritsa ntchito pa tsiku la tsoka. Mayi akabwera mochedwa, nkhope itatupa, mawu oyamba kumva amakhala akuti, "Amayi, kodi sitinakuuzeni?" Mawuwa ngoona, koma chilungamo mulibe, chifukwa akuika pamutu pa munthu mmodzi zinthu zimene zinali m'manja mwa anthu ambiri. Choipa china nchakuti mayi amene wakalipiridwa kamodzi amaopa kubwereranso, motero langizo loperekedwa mwaukali limatseka khomo limene linafuna kutsegula.

Kuti mlandu ugawidwe bwino, malangizo a kusikelo ayenera kusiyanitsidwa, pakuti sali a mtundu umodzi. Ena ndi chidziwitso chimene sichilira ndalama: kuti kutaya magazi, mutu waukulu, kuona zachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi ndi kusiya kugunda kwa mwana m'mimba ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo, kuti mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, monga amene ku Malawi amawatcha mwanamphepo, angathe kung'amba chiberekero. Izi mayi akazimva bwino m'chilankhulo chake, udindo wozisunga ngwake, ndipo kumuchotsera udindowu ndi kumuyesa mwana. Ena ndi zinthu zimene chipatala chenichenicho chiyenera kupereka: mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuyeza chindoko ndi HIV, ndi mankhwala oteteza mwana ku kachilomboko. Dziko la Malawi lidayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ndipo Zimbabwe idatsatira mu 2013. Langizo lidapindula pamenepa chifukwa linabwera pamodzi ndi mankhwala ake. Mtundu wachitatu ndi wa zinthu zimene kiyi wake ali ndi anthu ena: nthawi yopuma, chakudya, ndalama ya ulendo, chilolezo chochoka pantchito. Kulangiza mayi yekha pa zimenezi kuli ngati kuuza mlendo kuti afolere nyumba ya eni ake.

Pano mwambo wa makolo uli ndi phunziro. Pakati pa Achewa, mkazi akatenga pathupi poyamba pamachitika chisamba, pamene anamkungwi amalanga mkaziyo pamodzi ndi mwamuna wake. Malangizowo amamanga onse awiri, ndipo achibale amene amva amakhala mboni ndi athandizi. Chilankhulo chomwe chimavomereza kulemera kwa nkhaniyi: woyembekezera amatchedwa wapakati kapena wodwala, ndipo akabereka amati wachira. Wodwala sasiyidwa yekha. Sikuti zonse za mwambowu zinali zabwino. Chikhulupiriro chakuti kuvutika pobereka kumadza ndi chigololo chachititsa amayi ena kuumirizidwa kuulula amuna pamene anayenera kukhala ali panjira ya kuchipatala. Komabe pa mfundo imodzi makolo adaona patali: langizo la pathupi limapita kwa onse amene ali ndi gawo pa moyo wa mayiyo. Sikelo yamakono ili ndi nzeru zolondola kuposa za anamkungwi, koma nthawi zambiri imalankhula ndi munthu mmodzi, amenenso ali wochepa mphamvu pa onse okhudzidwa. Kwa mdzukulu wa mtchona vutoli limakula, pakuti mbumba imene ikadamuzungulira idatsala ku Dedza kapena ku Ntcheu, kumene iye sanapondeko.

Malamulo a Zimbabwe amavomereza kuti ena ali ndi gawo. Gawo 65 la malamulo aakulu a mu 2013 limapatsa mayi wapantchito tchuthi cha uchembere cholipidwa chosachepera miyezi itatu, ndipo gawo 76 limanena za ufulu wa chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo cha uchembere. Lamulo la zantchito limaika masiku 98, ndipo kusintha kwa mu 2023 kudachotsa zoti mayi ayambe wagwira chaka chathunthu asanalandire tchuthicho. Koma lamulo limafika kumene kuli bwana wodziwika ndi kalata ya ntchito. Wogulitsa pachipata alibe womulipira tchuthi, ndipo wa kontirakiti yaifupi amadziwa kuti munthu angathe kungosiyidwa osaitanidwanso popanda wina kutchula pathupi pake. Nchifukwa chake ena amabisa mimba ndi zovala zazikulu mpaka miyezi isanu, nthawi yoyamba sikelo itapita kale. Kuchedwa kotere pakhadi kumaoneka ngati umbuli, pamene kwenikweni ndi masamu a munthu amene akuwerenga lendi.

Namwino nayenso sayenera kusenzetsedwa mtolo wonse. Iye amalangizidwa kusamala odwala mwachikondi ndi modekha, koma pabenchi pali amayi ochuluka ndipo anzake ambiri adapita kunja. Mu 2018 boma lidalengeza kuchotsa ntchito anamwino zikwizikwi amene ankanyanyala, ndipo mu 2023 bungwe la WHO lidaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala. Choncho namwino ndi mayi wapakati ali m'bwato limodzi: onse apatsidwa malamulo abwino popanda zipangizo zokwanira. Kuzindikira zimenezi kuyenera kufewetsa mawu a namwino kwa mayiyo, ndiponso mawu a anthu kwa namwino.

Yankho tsono nlakuti langizo lisachepetsedwe, koma wolipereka ali ndi ngongole ziwiri zowonjezera. Yoyamba ndi kufunsa asanaweruze: "Amayi, pa zimene ndanenazi, chikuvutani nchiti?" Funso limeneli limatha mphindi imodzi, koma limaulula kuti bonongwe, nyemba ndi matemba zilipo pamene nyama palibe, kapena kuti tsiku lina la sabata nlosavuta kuchoka pantchito. Yachiwiri ndi kutumiza langizo kwa mwini wake: kalata kwa kapitawo, uthenga woitana mwamuna kapena azakhali, kuuza mayiyo za masiku 98 amene mwina sanawamvepo. Kupitirira apo, mlandu ulondole amene anali ndi kiyi. Mwini fakitale amene sabwezera pantchito mkazi chifukwa waima, mwamuna amene wamwera ndalama ya galimoto, ndi boma limene lasiya kiliniki yopanda mapiritsi, onsewa adakana langizo la namwino ngakhale sanakhalepo pabenchi ya sikelo. Makolo adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi wa ku Belmont akafika pa Mpilo mochedwa, chilungamo chimafuna kuti afunsidwe kaye amene anayenera kugwira mbali zina za dengalo.