Kumvera kwa Anthu Ophunzira

Pa 23 Malichi 2020 boma la Peter Mutharika lidatseka sukulu zonse poopa mliri wa COVID-19. Kuno ku Chiradzulu, ophunzira a pa yunivesite ya Akatolika ku Nguludi adalongedza mabuku nabwerera kwao. Sinditsutsa kutsekako. Matenda adalipodi: mu Januwale 2021 adapha nduna ziŵiri tsiku limodzi. Chimene chimandisautsa n'china. Kodi tidamvera titaganiza, kapena kumvera tidangokuzoloŵera?

Taonani za mu Epulo. Boma lidalamula kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, osanena chimene akadye. Adakana ndani? Ogulitsa malonda m'misika, anthu a kaunjika ndi tomato, amene ife timati sadziŵa kanthu. Bungwe la HRDC lidapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adaimitsa lamulolo. Ife, amene ntchito yathu ndi kufunsa, tidali titamwazikana m'midzi, aliyense ndi foni yake yopanda bandulo.

Kutseka koleji kumatero: kumabalalitsa pakamwa. Olamula adazidziŵa kale. Mu 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adapanikiza ndi mafunso Blessings Chinsinga chifukwa cha zimene adaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi atanyanyala, Chancellor College idatsekedwa. Nduna ya maphunziro idali Mutharika yemweyo. Kutseka kwa 2011 kudali chilango, kwa 2020 chitetezo, ndivomera. Koma loko ndi mmodzimodzi, ndipo wa kunja kwa chipata sangadziŵe cholinga pongomuyang'ana. Angadziŵe pofunsa basi.

Ndipo chofunsa chidalipo. Pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, zipani zonse, cholamula ndi zotsutsa zomwe, zidasonkhanitsa chinamtindi cha anthu pamabwalo, makalasi ali chitsekere. Kachilombo kamene kamaopa msonkhano wa ndale nkumakonda kalasi sindidakamvepo.

Mu 1914 John Chilembwe, ali ku Mbombwe m'boma lomwe lino, adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chake amphaŵi ndiwo akafere nkhondo ya eni chuma. Sadakane kuti nkhondo ilipo. Adafunsa wosenza katundu wake. Lathu likadakhala funso lomwelo. Maphunziro atasamukira pa intaneti, mwana wa ku Namiwawa adapitiriza. Wa ku Namitambo, kopanda magetsi m'nyumba, adadikira, ndipo fizi sidamudikire.