Khutbah ya Jumu'ah: Swadaqah Yothandizira Kafukufuku wa Matenda a M'mimba

KHUTBAH YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, amene amatidyetsa ndi kutimwetsa, natiikira m'thupi njira yoti chakudya chisanduke magazi ndi mphamvu popanda ife kulamula. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah Yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah! Ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera, pakuti kumuopa Iye ndiye kamba wa ulendo wa ku Akhera.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, pali matenda amene akutitengera anthu mwakachetechete. Bambo amayamba kudandaula kuti nsima ikumuima pachifuwa. Akunyumba amamuphikira phala. Pakapita miyezi phalalo limakananso, kenako ngakhale madzi sadutsa. Amamwalira ndi njala nkhokwe ili yodzaza. Imeneyo ndi khansa ya kum'mero, ndipo dziko loyandikana nafe la Malawi lili m'gulu la maiko amene nthendayi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Malire a ku Zóbuè, Calómuè kapena Mandimba satsekereza nthenda, pakuti tsidya lino ndi tsidya lija timadya zofanana ndi kuphika mofanana. Wina ndi mnyamata wamphamvu zake: mimba imatupa, maso amasanduka achikasu, thupi limatha. Kawirikawiri chimakhala chiwindi. Pamudzi pamamveka manong'onong'o oti wadyetsedwa, mbuzi zimagulitsidwa kukalipira woombeza, nkhalamba yosalakwa imalozedwa chala. Pamenepo banja laluza kawiri: lachedwa kupita kuchipatala, ndipo lagwera mu shirk ndi kunamizira munthu.

Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatiphunzitsa, monga zilili m'buku la Imam Bukhari, kuti nthenda iliyonse imene Allah adaitsitsa adaitsitsiranso mankhwala ake. Mu Hadith ya Imam Ahmad muli kuonjezera koti mankhwalawo ena amawadziwa, ena sawadziwa. Taganizirani bwino mawu amenewa. Mankhwala alipo kale m'chilengedwe cha Allah. Chimene chikusowa ndi kudziwa kwathu. Ntchito yochotsa anthu mu umbuli umenewu ndi imene madokotala amaitcha kafukufuku. Wofufuza salimbana ndi Qadar. Akufunafuna chimene Mwini Qadar adachiika kuti chipezedwe.

Tamvani zipatso za ntchito imeneyi. Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimadza chifukwa cha nkhawa ndi zakudya zowawa, ndipo odwala ambiri ankachita kudulidwa mbali ya chifu. M'chaka cha 1982, mumzinda wa Perth ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall adapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamakhala m'chifu. Anzawo atakana kuwakhulupirira, Marshall adamwa yekha madzi okhala ndi tizilomboto nadwala, kuti umboni uoneke. Lero zilonda zambiri zotere zimachira ndi mapiritsi a masabata awiri, ndipo tikudziwa kuti kachilombo komweko ndiko gwero lalikulu la khansa ya m'chifu. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha kwathu konkuno. Dziko la Mozambique lidadziwika kalekale kuti lili ndi khansa ya chiwindi yochuluka modabwitsa, makamaka ku Inhambane. M'zaka za m'ma 1970 ofufuza adayeza chakudya chimene mabanja kumeneko ankadya, napezamo poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amachokera ku chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoni ameneyu akakumana ndi kachilombo ka Hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi ya khansa imakula kwambiri. Chifukwa cha kudziwa kumeneku, lero tikuuzidwa kuumitsa bwino zokolola, kusankha ndi kutaya mtedza wowola m'malo moukonolera nsinjiro, ndipo kuyambira 2001 ana a dziko lino amabayidwa katemera wa Hepatitis B.

Chachitatu ndi kapaketi ka mchere ndi shuga kamene amapatsa wotsegula m'mimba. Njira imeneyi idayesedwa ku Dhaka ndi ku Calcutta m'zaka za m'ma 1960. Kolera itabuka ku Beira pambuyo pa namondwe Idai mu 2019, madzi omwewo adabweza anthu ambiri amene akadaikidwa m'manda. Mayi wa ku Metangula akamamwetsa mwana wake madzi amenewa, akudya za m'munda umene adalima ena. Ndipo amene adalimawo sadalime ndi manja okha: padali anthu amene adapereka chuma chawo kuti ofufuza agule zipangizo ndi kupeza chakudya pamene akugwira ntchito.

Koma funso la khansa ya kum'mero likadali patsogolo pathu. Ofufuza akuloza fodya, kachasu, tiyi ndi phala lotentha kwambiri, ndi utsi wa nkhuni m'khitchini zopanda mazenera. Komabe alipo ambiri amene sadasutepo kapena kulawa mowa, amayi opemphera ndi mashehe, amene nthendayi yawatenga. Yankho lathunthu likufufuzidwabe, ndipo silingapezeke ku Lisboa kapena ku London, chifukwa odwala ali kuno, madzi ndi nthaka zofunika kuyezedwa zili kuno. Ngati eni maliro sitilira, adzatilirira ndani?

Wina anena kuti kafukufuku ndi ntchito ya azungu. Ayi ndithu, m'bale wanga. Ibn Zuhr wa ku Sevilha, amene adamwalira mu 1162, adalemba za zotupa za kum'mero ndi za m'chifu, nafotokoza njira yodyetsera wodwala wolephera kumeza pogwiritsa ntchito kapaipi ka siliva. Nur al-Din adamanga chipatala ku Damasiko mu 1154, ndipo Sultan Qalawun adamanga china ku Cairo mu 1284. Zipatala zimenezi zinkayenda ndi waqf, chuma chimene Asilamu adachipatula chifukwa cha Allah. Wodwala ankachiritsidwa ulere, ndipo momwemo madokotala ankaphunzitsa ndi kulemba zimene aona. Tikamaitanira ku ntchito iyi, tikuitanira ku cholowa cha makolo athu m'chipembedzo.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Inu okhulupirira! Imam Muslim adalandira Hadith yotiuza kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu: swadaqah yopitirira, maphunziro amene anthu akupindula nawo, ndi mwana wabwino womupemphera. Wopereka ku kafukufuku wagwira ziwiri nthawi imodzi. Timadziwa kukumba chitsime ndi kumanga mzikiti, ndipo zimenezo nzabwino. Dziwani kuti nzeru yochiritsa nayonso ndi chitsime: amatungapo anthu amene simudzawaona, inu muli m'manda. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 261, Allah akufanizira chopereka ndi njere imodzi yobala ngala zisanu ndi ziwiri, ndipo mu Surah Al-Maidah, ndime 32, akuyesa kupulumutsa moyo umodzi monga kupulumutsa anthu onse. Akuluakulu athu adati kupatsa nkuika.

Tisiyanitse zinthu monga Shariah idasiyanitsira. Zakaat ili ndi magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Surah At-Tawbah, ndime 60. Wodwala wosauka amene akusowa ndalama yoyendera kupita ku Hospital Provincial ya Tete kapena ya Lichinga, kapenanso ku Hospital Central ya Maputo, ndi woyenera Zakaat popanda kukaikira. Pa zopereka Zakaat ku kafukufuku, maulama adasiyana maganizo. Choncho njira yopanda chikaiko ndi swadaqah ndi waqf. Wopanda ndalama asadzione wotsalira. Meticais khumi operekedwa Jumu'ah iliyonse ndi anthu zana ndi chikwi chimodzi pa sabata. Mlimi apatule chitini cha chimanga pokolola, msodzi apatule za tsiku limodzi, wamalonda alembe gawo la phindu, ndipo wolemba wasiya akumbukire kuti ali ndi ufulu pa gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake.

Chuma chimenechi ndi amanah. Komiti ya mzikiti ilembe m'buku chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo iwerengere jamaah poyera. Chiperekedwe kumalo odziwika ndi ovomerezeka, monga Instituto Nacional de Saúde kapena masukulu a zaumoyo a mayunivesite athu, komiti itayamba yafunsa ntchito imene chikagwire ndi kulandira chikalata. Chingathandizenso mwana wathu wanzeru, wamwamuna kapena wamkazi, amene akufuna kuphunzira za matenda amenewa. Wodya ndalama ya odwala akudya moto.

Palinso swadaqah ya thupi. Azaumoyo akabwera mwachilolezo kudzafunsa mafunso kapena kuyeza magazi, afunseni kuti akufotokozereni bwino, ndipo mukakhutira athandizeni. Musafalitse mphekesera zopanda umboni. Amene chakudya chikumuima pakhosi, amene akuona magazi m'chimbudzi, amene akuonda popanda chifukwa, apite kuchipatala sabata yomweyo. Manyazi a pa nthenda si haya imene Chisilamu chidayamikira. Ndipo inu amene mudaika m'bale wanu chifukwa cha nthenda ya m'mimba, tonthozekani: Bukhari ndi Muslim adalandira kuti womwalira ndi nthenda yotere ali m'gulu la mashahidi.

O Allah, chiritsani odwala athu, chitirani chifundo akufa athu, ndipo apatseni kupirira amene akudwazika matenda usiku ndi usana. O Allah, tsegulirani ofufuza makomo a kudziwa, dalitsani dzanja lopereka, ndipo tetezani mitima yathu ku umbombo. O Allah, lipatseni dziko lathu la Mozambique mtendere, mvula yabwino ndi zokolola zopanda chilema. Ameen.

Imirirani tipemphere Swala, Allah akuchitireni chifundo.