Dziko Lopanda Eni: Kodi Kukongola Kunganame?

Kodi chithunzi chokongola chingathe kunama? Funsoli limandivutitsa ndikamasinkhasinkha za ntchito ya Jacob Hendrik Pierneef, katswiri wojambula malo, amene anabadwira ku Pretoria mu 1886 namwalira komweko mu 1957.

Mu 1929 Pierneef anapatsidwa ntchito yokongoletsa siteshoni yatsopano ya sitima ku Johannesburg, ndipo pofika 1932 anali atamaliza zithunzi zikuluzikulu 32 za penti wamafuta. Luso lake n'losakayikitsa. Mitengo yake imaima mwadongosolo ngati nsanamira za kachisi, ndipo mitambo imaunjikana ngati yochita kuyezedwa ndi chingwe. Koma m'mapiri ndi m'zigwa zimenezi munthu saonekamo kawirikawiri. Tikumbukirenso kuti ntchitoyi inayamba patangopita zaka 16 chikhazikitsireni lamulo la malo la 1913, limene linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha mwa magawo 100 a nthaka ya South Africa.

Ena angatsutse kuti wojambula malo si mboni ya m'bwalo la milandu, ndipo kusajambula munthu si kumulanda munda. Mfundoyi ili ndi nzeru. Chithunzi chilichonse chili ndi malire, ndipo wosankha china amasiya china.

Komabe chiyankhulo chathu chimatichenjeza. M'Chichewa mawu akuti "dziko" salekanitsa nthaka ndi okhalapo. Tikati dziko laipa, sitinena miyala. Nawo malo amene anthu anachokapo ali ndi dzina lake: bwinja. Wodutsa pa bwinja amadzifunsa kuti eni ake anapita kuti, nanga chinawachotsa n'chiyani. Zithunzi za Pierneef sizidzutsa funso limeneli, pakuti sizionetsa bwinja. Zimaonetsa dziko looneka ngati langolengedwa kumene, loyembekezera mwini wake woyamba. Kwa mzungu wodikira sitima, uthenga wotere unali wogonetsa chikumbumtima.

Choncho bodza silili m'zimene burashi inajambula, pakuti mapiriwo alipodi. Lili m'pangano lachinsinsi la wojambula ndi woonera, lakuti onse awiri asafunse za osowawo. Ngati ndi tero, woonera wa lero angathe kuswa panganolo popanda kukana kukongola kumene akuona. Ayime patsogolo pa chithunzi monga timaimira pa bwinja, nafunse kuti phirilo linkatchedwa chiyani, ndiponso m'chiyankhulo cha yani.