Za Nyumba za Juga: Mlendo ndi Mwana wa M'mudzi

Mwa nkhani zimene maboma amakangana nazo, ya nyumba za juga njovuta ndithu. Ena amati, "Munthu wamkulu ali ndi ufulu pa ndalama zake, ndipo mukaletsa juga anthu adzatchovera mobisala, boma osapatapo kanthu." Mawu amenewa si opusa ayi. Komatu tiyeni tiyang'ane zochita za iwo amene analola juga.

Ku Ulaya kuli kadziko kotchedwa Monaco. M'chaka cha 1863 François Blanc anatenga udindo woyendetsa juga kumeneko, ndipo nyumba ya ku Monte Carlo inabweretsa chuma chambiri kotero kuti mu 1869 Kalonga Charles III anachotsera anthu ake msonkho. Koma mudziwe ichi, inu owerenga: nzika za Monaco siziloledwa kutchova juga m'nyumbamo. Ku Asia nako, dziko la Singapore linatsegula nyumba ziwiri zotere mu 2010. Mlendo alowa ulere, pamene mwini dziko anayenera kulipira pakhomo madola 100 pa tsiku, ndipo mu 2019 anakweza mtengowo kufika 150.

Nanga chinthu chikakhala chabwino, mwana wa m'mudzi amutsekerezeranji?

Chifukwa chake chili m'masamu. Pali juga ina yotchedwa roulette, imene amaponya kampira pa gudumu lozungulira la timabowo 37. Wolosera bwino bowo amapata ndalama 35 pa imodzi imene anaika, pamene chilungamo chikanafuna 36. Kusiyanaku nkochepa, diso silikuona. Koma pa ndalama 37 zilizonse zoikidwa, imodzi imatsalira nyumba. Munthu mmodzi angathe kupambana usiku wina, koma khamu lonse pamodzi liyenera kutaya, pakuti malipiro a antchito ndi msonkho wa boma zichokera m'kutayako. Boma lolola juga likhala ngati mlimi amene zokolola zake ndi tsoka la anzake.

Tsono maiko awiriwa anati, "Tsokalo ligwere mlendo." Akulu anati mlendo ndi mame, iye abwera, ataya zake, nakalirira kwawo kumene ife sitimva. Ine ndiyesa kuti apa mpamene pali mlandu weniweni. Ufulu umene otsutsana nafe amautchula ndi wa munthu mmodzi wolowa pakhomo, koma ndalama za m'thumba mwake kawirikawiri si zake yekha: muli chakudya cha ana, fizi ya sukulu, mwina ndi ngongole ya mnansi. Onsewa sanafunsidwe.

A ku Singapore anazindikira zimenezi, nakhazikitsa lamulo lakuti abale a munthu womwerekera ndi juga angathe kupempha kuti aletsedwe kulowa. Ndiwayamika pa ichi. Koma mkazi wa mlendo uja ali kutsidya la nyanja, ndipo za ulendowo adzazimva tsiku limene okongoza adzafika pakhomo pake.